Funsani Tikuyankheni: A Goodall Gondwe ndi thumba la K950

Funso: Zikomo akonzi. Kuno ku Namwera akuluakulu akayamba kudandaula za mtengo wa feteleza, sachedwa kunena kuti nthawi ya a Gondwe thumba linali K950. Kodi bambowa anali ndani, nanga ndalama zotsitsira mtengowo ankazitenga kuti?
Mlimi wachinyamata, Namwera, Mangochi

Yankho: Akuluakuluwo sakunama, kungoti K950 unali mtengo wa pa kuponi mu 2005/06, osati wa m'sitolo. Wolandira makuponi ankagula matumba awiri a makilogalamu 50, lokulitsa ndi lobereketsa, ku ADMARC kapena ku SFFRFM, bungwe la boma logulitsa feteleza kwa alimi ang'onoang'ono. Ndalama yotsalayo inkachokera m'thumba la boma.

Malemu Goodall Gondwe anabadwa mu 1936 ku Mzimba ndipo anatisiya mu 2023. Zachuma anaphunzira ku University of London. Anagwirapo ntchito ku Reserve Bank of Malawi, kenako ku African Development Bank, n'kukathera ku IMF, bungwe lobwereketsa ndalama ku mayiko, ku Washington komwe anali mkulu woyang'anira nthambi ya Africa. Atabwerera kumudzi analangizako a Bakili Muluzi, ndipo mu 2004 a Bingu wa Mutharika anawapatsa unduna wa zachuma mpaka 2009. Anaugwiranso kuyambira 2014 mpaka 2019.

Za ku IMF zija musazidumphe, chifukwa yankho lanu lagona pamenepo. Pomwe ankalowa mu ofesi mu 2004, boma linali litazolowera kukongola m'mabanki a m'dziko momwemuno, chiwongoladzanja n'kumadya ndalama za mankhwala ndi misewu, obwereketsa akunja atafumbata manja. A Gondwe ankadziwa zimene obwereketsawo amayang'ana m'mabuku. Anachepetsa kukongola kwa m'dziko, nabwezeretsa mgwirizano ndi IMF mu 2005, ndipo mu 2006 gawo lalikulu la ngongole zakunja linakhululukidwa kudzera mu ndondomeko ya HIPC, yopepukitsira ngongole mayiko osauka. Mpata wa makuponi unakula motero.

Koma feteleza timagula kunja ndi madola, pomwe kuponi ili m'makwacha. Mtengo utakwera pa msika wa dziko lonse mu 2008, mlimi wolandira kuponi sanamve kuwawa, boma ndilo linasenza, moti mu 2008/09 sabuside yokha inadya pafupifupi K16 pa K100 iliyonse ya bajeti. Onjezanipo mavenda ogula makuponi kwa osauka ndi mayina a m'kaundula opanda eni ake.

Choncho nduna iliyonse ikakulonjezani thumba lotchipa, ifunseni mtengo wake weniweni pofika nalo ku Mangochi, chiwerengero cha olandira, ndi komwe madola ogulira achokere.