Anapiye akuchita chitosi cha magazi: kodi abakha ndi amene awapatsira?

Funso: Ndikulera anapiye a milungu inayi m'khola limodzi ndi ana a abakha. Masiku ano anapiye ena azyolika, nthenga zanyankhalala, sakudya, ndipo chitosi chawo chili ndi magazi, pamene abakhawo ali bwinobwino. Kodi matendawa achokera kwa abakha? Nanga mankhwala ndimwetse zonse?

Yankho: Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi kokisidiyosisi, matenda amene amakonda kugwira anapiye a milungu 3 mpaka 6. Amayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa Eimeria, timene timaswana m'khungu la m'kati mwa matumbo n'kumaling'amba. Magazi ofiira m'chitosi kawirikawiri amasonyeza mtundu wa Eimeria tenella, umene umapha msanga, choncho musadikire kuti muone ngati zisinthe zokha. Dokotala wa ziweto angatsimikizire matendawa poyeza chitosi kapena kuona matumbo a mwanapiye wakufa.

Abakha sanawapatsire, chifukwa tizilombo timene timagwira nkhuku sitikhala mwa bakha, ndipo bakha ali ndi take, monga Tyzzeria perniciosa. Komabe mlandu wina ali nawo. Timazira ta tizilomboti tikangotuluka ndi chitosi sitidwalitsa. Timafuna chinyezi, kutentha ndi mpweya kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti tikhwime. Tsono taonani mmene bakha amamwera: amamiza mlomo wonse m'madzi, amapukusa mutu, kenako amapondaponda pomwepo mpaka utuchi usanduke matope. Mwanapiye akamajompha pamenepo amameza timazira tambirimbiri tokhwima nthawi imodzi. Tapani utuchi wa pafupi ndi chomwera n'kuufinya m'manja. Ukaumbika osamwazika, dziwani kuti gwero la vuto lanu ndi limenelo.

Lero lomwe siyanitsani anapiye ndi abakha, ndipo anapiye onse, odwala ndi ooneka athanzi omwe, amwe mankhwala. Odziwika kwambiri ndi amprolium. Ngati muli ndi wamadzi wa 9.6 peresenti, matenda akakula amathira mamililita 2.5 pa lita imodzi ya madzi kwa masiku 5, koma werengani kaye malangizo a pa botolo popeza mphamvu zake zimasiyana. Sungunulani atsopano tsiku lililonse ndipo pasakhale madzi ena akumwa. Ofooka kwambiri muwadonthezere pang'onopang'ono m'mbali mwa mlomo. Chimene alimi ambiri amalakwitsa, ngakhale amachita mwachifundo, ndi kuthira mavitamini m'madzi omwewo. Amprolium amagwira ntchito pomana tizilomboto vitamini B1, ndiye mukaonjezera vitaminiyo mwafooketsa mankhwala anu. Mavitamini adikire mpaka mutamaliza. Aliponso toltrazuril, amene amamwetsa masiku 2, koma saloledwa kwa nkhuku zoikira mazira odyedwa ndi anthu.

Abakha athanziwo ine sindingawamwetse kanthu. Bakha amamwa madzi ambiri kuposa mwanapiye, motero mlingo woyenera nkhuku ukhoza kumuchulukira, makamaka mankhwala a gulu la sulfa amene amavulaza impso. Akayamba kutsekula m'mimba kapena kufooka, kaonaneni ndi dokotala wa ziweto kuti akuuzeni mlingo wawo.

Mankhwala okha sangathetse vutoli ngati pansi pakhalabe ponyowa, pakuti timazirato tili ndi chikhungwa cholimba moti mankhwala ambiri opopera m'khola satipha, ndipo tingathe kukhala miyezi yambiri. Chotsani utuchi wonse wonyowa, tsukani zodyera ndi zomwera ndi madzi owira, lolani pansi paume kenako muyale utuchi watsopano. Chomwera muchikweze kufika pamsana pa anapiye kuti asachitiremo chitosi, ndipo cha abakha chikhale pa waya wokhala ndi potayikira madzi pansi pake. Anapiye ochira amakhala ndi chitetezo ku mtundu umene anadwalawo, koma osati ku mitundu ina, n'chifukwa chake kholalo liyenera kukhalabe louma ngakhale atachira.