Chithunzi cha agogo musachisiye m'manja mwa munthu

Mayi, musanapereke chithunzi cha agogo anucho kwa wina aliyense kuti achiike pa kompyuta pamodzi ndi mbiri ya banja lanu, tamvani zimene zinationekera ife. Agogo athu aamuna anapita ku Joni pa Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya kumeneko, ndipo chimene anatisiyira ndi chithunzi chimodzi chokha, atavala suti ndi chipewa, kumbuyo kwake atalemba ndi inki dzina la mgodi ndi chaka.

Mlongo wanga anapita nacho ku shopu ina m'tauni muno kuti akangochisikana. Mnyamata wa pashopupo, osafunsa munthu, anachilowetsa m'makina omatira pulasitiki aja, ati kuchiteteza ku chinyontho cha Mzuzu. Moto wa makinawo unatupitsa pepala pamphumi penipeni, diso lamanzere linasanduka chithuza, ndipo inki ya kumbuyo inayenderera moti dzina la mgodi silikuwerengekanso. Amayi athu atachiona anakhala pansi pakhonde n'kuyamba kuchisisita ndi nsonga ya chitenje, akuganiza kuti chithuzacho chili pamwamba pa pulasitiki. Mnyamatayo sanapepese n'komwe. Anati achikonza ndi pulogalamu yosalaza nkhope, n'kutitulutsira munthu wamphuno yosongoka amene azakhali anakanitsitsa kuti si bambo awo, ndipo anatilipiritsanso ndalama pa ntchito yotiwonongera imeneyo. Chimandiwawa kwambiri ndi dzina lija, chifukwa boma linaletsa kutumiza anthu pa Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo mwa amene anapita pamodzi ndi agogo palibenso wotsala woti n'kumufunsa.

Ndiye ine ndikanakonda kuti chithunzicho chisachoke pakhomo. Komabe kuchijambula ndi foni kumabweretsa kunyezimira ndipo chimapindika m'mbali, pamene sikana yabwino ili ku mashopu komweko, choncho pitani nacho nokha ndipo muimirire pomwepo mpaka achibweze m'manja mwanu. Muwauze kuti asikane pa 600 dpi (muyeso wa kuwonekera bwino kwa chithunzi), kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo akupatseni fayilo ya TIFF (mtundu wosunga chithunzi osachichepetsa) imene sinakhudzidwe. Maluwa, mafelemu ndi mawu muziika pa kope lina. Potumizira abale pa WhatsApp sankhani Document, apo ayi chithunzi chimafika chitachepetsedwa, ndipo kope limodzi mulisunge pa intaneti pa Google Drive, pamene amapereka malo a 15 GB mwaulere.

Za mbiri, musadikire maliro kuti mufunse. Khalani pansi ndi achikulire amene alipo, muwajambule mawu akutchula chiwongo, mudzi, mfumu yaikulu ya dera ndi mayina a abale ake a agogowo, ndipo pansi pa chithunzi mulembe amene wakuuzani ndi tsiku lake. Chithunzi chenichenicho muchiike mu envelopu ya pepala, mu sutikesi, kutali ndi khoma limene limachita nkhungu nthawi ya dzinja.