Yankho la malume pa nkhani ya udindo wa umanejala

Eee mphwanga, ndamva funso lako. Ukuti bambo mfumu analalikira za kudzichepetsa Lamulungu lapitali, ndiye ukudzifunsa ngati kulembera udindo wa umanejala umene watuluka kuntchito kwanu ndi kukonda za dziko. Tamvera kaye, ndikuuze za Ignatius woyera wa ku Loyola, uja anayambitsa chipani cha ansembe a Jesuit.

Ameneyu anali msilikali wa ku Spain, wokonda ulemu kwabasi. Mu 1521, pa nkhondo ya ku Pamplona, chipolopolo cha mzinga chinamuphwanya mwendo. Mwendo uja utapola, fupa lina linatuluka ngati chotupa m'munsi mwa bondo. Iye anauza madokotala kuti alicheke, popanda mankhwala ochititsa dzanzi, n'cholinga choti nsapato zazitali zija zizimukhala bwino pamaso pa akuluakulu. Tangoganiza, kulola kuchekedwa fupa chifukwa cha kutchena basi! Ali gone choncho anapempha mabuku a nthano za ankhondo, koma m'nyumbamo munali la moyo wa Khristu ndi la oyera okha. Apa m'pamene anazindikira kanthu kena. Akamalota za kutchuka ankasangalala, koma maloto akatha mtima umatsala wouma. Akamalingalira zotumikira Mulungu, chimwemwe chimakhalitsa.

Mu 1522 anakasiya lupanga lake pamaso pa chifanizo cha Amayi Maria ku Montserrat, zovala zake zapamwamba n'kupatsa munthu wopemphapempha. Tsono apa ndi pamene ambiri timaphonya. Munthuyu sanangokhala pansi n'kumati Mulungu aona. Ali ndi zaka 33 anabwerera kusukulu ku Barcelona, kukhala pabenchi ndi tianyamata kuphunzira Chilatini, mpaka anakafika ku yunivesite ya ku Paris. Khama lija silinathe ayi, linangosintha mwini wake.

Ndipo mu 1541 anzake atamusankha kukhala mkulu wa chipani, anakana, mpaka wansembe amene ankalapa kwa iye anamuuza kuti avomere. Anavomera, n'kutsogolera mpaka kumwalira kwake mu 1556. Ma Jesuit amalumbira kuti sadzathamangira maudindo, komatu Papa Francis, amene anasankhidwa mu 2013, anali wa chipani chomwechi, eti.

Ndiye iwe lembera, usaope. Masatifiketi uli nawo, ntchito umaidziwa. Chimene Ignatius ankaphunzitsa n'chakuti mtima usamangirike ku chuma kapena umphawi, ku ulemu kapena kunyozeka, koma ku chimene chingakufikitse kwa Mulungu. Ine ndingakufunse chimodzi chokha: udindowu akaupereka kwa mnzako amene mumakhala naye ofesi imodzi, udzatha kumugwira chanza ndi mtima woyera, mawa lake n'kubwera kuntchito pa nthawi yake? Ngati ukuona kuti udzayamba kumudyera miseche kwa abwana, kapena wayamba kale kuganiza zopereka kangachepe kwa amene akusankha, pamenepo ndiye pali matenda, pita ukalape usanatumize kalatayo.

Uli ndi lija pemphero lake loyamba ndi mawu oti "Tengani, Ambuye, landirani"? Ngati ulibe ndikutumizira pompano. Ulipemphere usanalowe mu intavyu. Kalata yofunsira ntchitoyo unditumizire ndiione kaye, usadikire tsiku lomaliza ngati muja umachitira. Upereke moni kwa amayi ako.