Shuga wa pakhungu la njoka za m'mimba: kodi tisiye madeya?

Bambo ena a ku Lusangazi afunsa kuti mwana wawo wa kusukulu wawauza kuti njoka za m'mimba zili ndi shuga pathupi, ndiye kodi asiye kupatsa ziweto madeya ndi molasesi kuopa kunenepetsa njokazo?

Musasiye, bambo. Mwanayo sananame, koma shuga akunenayo si wothira mu tiyi. Ndi timaunyolo ting'onoting'ono ta shuga wamitundumitundu, monga fucose ndi mannose, tolumikizika ku mapuloteni a pakhungu ndi m'matumbo a njoka. Akatswiri amati ma glycoprotein. Njoka imadzipangira yokha timaunyoloti, kaya mbuzi yadya madeya kapena ayi.

Asilikali a m'thupi amazindikira mdani pokhudza zomwe wavala. Shuga wina wa njoka amafanana ndi wa chiweto chenichenicho, wina akagwira maselo olondera amawafooketsa kuti asachenjeze anzawo mwamphamvu. Zili ngati wakuba wovala yunifolomu ya mlonda. Thupi limayesetsabe, limachulukitsa chinanda m'matumbo ndi maselo otchedwa eosinophil kuti likankhe njokazo, koma chitetezo choterechi chimachedwa kukhwima ndipo sichikwanira. Chimafunanso chakudya chomanga thupi. Mbuzi yoonda ndiyo imagonja msanga, n'chifukwa chake ndikuti madeya apitirire, muonjezerenso masamba a lukina.

Njoka yovuta kwambiri pa mbuzi kuno ndi Haemonchus contortus, yokhala m'chifu n'kumayamwa magazi. Yaikazi imodzi imaikira mazira okwana 5,000 kapena kuposa pa tsiku, ndipo kukakhala chinyezi ndi kafundidwe mphutsi zake zimakhala zakonzeka pa udzu pakangotha sabata imodzi. Mvula ya Mzuzu mukuidziwa, imachedwa kusiya, ndiye msipu wathu sumapuma ku mphutsizi ngati wa kuchigwa.

Amayi ena a ku Ekwendeni afunsa chifukwa chake kulibe katemera wa njoka pomwe wa chitopa alipo. Katemera wa njoka iyi alipo, mayi. Anapangidwa ndi a Moredun Research Institute ku Scotland, anayamba kugulitsidwa ku Australia mu 2014 ndi dzina loti Barbervax, ndipo ndi wa nkhosa. Amamupanga kuchokera ku ma glycoprotein a m'matumbo a njoka zenizeni, monga H11. Njoka ikayamwa magazi a nkhosa yobayidwa imameza zoteteza zomwe zimakaiwononga m'kati. Asayansi atayesa kupanga mapuloteni omwewa m'mafakitale, katemerayo sanagwire bwino, ndipo chimodzi mwa zifukwa zomwe amaganizira n'choti shuga wa pa mapuloteni a m'fakitalewo sankafanana ndi wa njoka. Komanso mphamvu ya Barbervax imatha msanga, amabaya mobwereza pafupifupi masabata 6 aliwonse m'nyengo yoopsa. Kwa mlimi wa mbuzi zisanu, ine sindikuona kuti ndiyo njira yodikira.

Chomwe mungachite lero ndi kukoka chikope cham'munsi cha mbuzi iliyonse poyera n'kuona mtundu wa mkati mwake, poti mukayera ndiye kuti magazi achepa. Njira iyi, yotchedwa FAMACHA, inachokera ku South Africa ndipo khadi lake lili ndi mitundu kuyambira 1, wofiira bwino, mpaka 5, woyera. Ya 4 ndi 5 imwetseni mankhwala tsiku lomwelo, chimodzimodzi yotupa pansi pa chibwano. Ana ndi mbuzi zongobereka kumene muziyang'anitsitsa kwambiri, chifukwa chitetezo cha make chimatsika nthawi yobereka ndi yoyamwitsa. Yamaso ofiira, yonenepa, isiyeni. Kumwetsa khola lonse mwezi ndi mwezi, kapena kuchepetsa muyezo wa albendazole kuti botolo likwanire, n'kumene kumaphunzitsa njoka kupirira mankhwala. Khola likhale lam'mwamba, ndipo musatulutse mbuzi mame asanakamuke.

A ng'ombe zamkaka omwe mumamweta udzu kudambo, yanu ndi njoka yaphwatalala ya m'chiwindi, yodzera mu nkhono zam'madzi. Nayonso khungu lake ladzaza mannose ndipo imagonetsa chitetezo, moti ku Britain anapeza kuti mtundu wake wakumeneko umachititsa ng'ombe zina za TB kuoneka ngati zilibe poyezedwa pakhungu. Mankhwala a njoka a ivermectin paokha saipha. Funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu za oxyclozanide kapena triclabendazole, ndipo muwafunsenso ngati mankhwalawo ndi ololedwa pa ng'ombe yokamidwa komanso masiku oti mkaka usapite ku bulking group, komwe alimi amasonkhanitsira mkaka wogulitsa.