Wayilesi, mtima ndi masitepe: mawu a tizipangizo tovala pathupi

Mafunso a sabata ino achokera ku Mzuzu onse, ndipo onse akukhudza tizipangizo timene anthu ayamba kuvala pamkono kapena kupanitsa kuchala.

Loyamba lachokera kwa mnyamata wophunzira pa Mzuzu University, ku Luwinga. Akukonza chikalata chofotokozera anthu amene adzalowe m'kafukufuku wake. Akuti: "Mawu akuti wireless sensor ndawalemba kuti chomvera cha wayilesi. Zili bwino?"

Ayi achimwene, fufutani. Agogo a ku Zolozolo akawerengeredwa mawu amenewo adzadikira kuti kachipangizoko kayambe kuulutsa nkhani za pa MBC. N'zoona kuti wayilesi tidabwereka ku wireless, koma liwulo litafika kwathu lidakhazikika pa chinthu chimodzi chokha, chija timatchera m'mawa, ndipo simungalibwezenso kumene lidachokera. Lembani kuti kachipangizo kopanda waya, ndipo onjezani kuti kamatumiza ku foni zimene kapeza kudzera pa Bluetooth.

Chomvera nachonso chavuta. Mneni woti kumva ndi wotakata: timamva ndi khutu, timamva kuzizira kwa mu Juni kumene a ku Mzuzu mumakudziwa bwino, timamva fungo la khofi. Choncho kunena kuti wotchi imamva kugwedezeka kwa mkono n'Chichewa chabwinobwino. Koma kumvera ndi kutchera khutu kapena kutsata malamulo, ndiye chomvera chikumveka ngati zoika m'makutu, apo ayi chiweto chofatsa. Anzanu mukamacheza mumati sensa, ndipo ine sindikukuletsani. Pa chikalata cha anthu akumudzi, nenani ntchito yake: koyeza kutentha kwa thupi, kowerenga kugunda kwa mtima. Ofufuza ena masiku ano savekanso munthu kanthu. Amaona mmene mafunde a WiFi akusinthira akagunda thupi, n'kudziwa kuti munthu akupuma bwanji kapena kuti wokalamba wagwa m'chipinda. Zoterezi dzina limodzi silingazikwanire, muyenera kufotokoza.

Funso lachiwiri ndi limene landikhalitsa pansi. Mayi ena a ku Chibavi adalandira wotchi kuchokera kwa mwana wawo wa ku Johannesburg. Imaonetsa nambala ngati 78 kapena 85. Iwo amauza anzawo kuti imayeza kuthamanga kwa magazi, bambo a kunyumba akuti akulakwa. Akufuna ndiweruze.

Pepani mayi, mlanduwu bambo apambana. Kuthamanga kwa magazi ndi dzina limene tidapatsa BP, ndipo BP imabwera ndi manambala awiri, monga 120/80. Amayeza ndi lamba uja amamanga pamkono n'kupopa mpaka kuthina. Nambala imodzi imene mukuionayo ndi kugunda kwa mtima pa mphindi imodzi, ndipo kwa munthu wamkulu amene wakhala phee imakhala pakati pa 60 ndi 100. Tembenuzani wotchiyo muone timagetsi tobiriwira kunsi kwake. Magazi amamwa kuwala kobiriwira, ndiye mtima ukagunda magazi n'kuchuluka m'mitsempha ya pamkono, kuwala kobwerera kumachepa. Wotchi imangowerenga kusinthasinthako.

Cholakwa si chanu nokha, chiyankhulo chathu chomwe chidatitchera msampha. Munthu akakwera chitunda kapena akadzidzimuka timati mtima ukuthamanga. Achipatala nawo adasankha kuthamanga komweko potchula BP, pamene vuto lenileni ndi mphamvu imene magazi amakankhira mitsempha. Zinthu ziwiri zosiyana zagwera pa mneni mmodzi. Ndikanakhalapo tsiku limene dzinalo linkasankhidwa ndikadakana, koma lidazika mizu, palibe angalizule. Chimene chimandiopsa n'chakuti munthu womwa mankhwala a BP akhoza kuona 75 pa wotchi n'kuganiza kuti wachira. BP imatha kukwera mtima ukugunda mwachifatse. Mawotchi ena amalonjeza kuyerekeza BP, koma nawonso amafuna kuwalinganiza ndi lamba wopopa uja nthawi ndi nthawi.

Mwafunsanso dzina la kachipangizo kopana chala kamene kadatchuka nthawi ya Covid-19. Musakatche koyeza magazi. Kwathu kuno munthu akati ndikukayezetsa magazi, aliyense amaganiza za HIV, ndipo amayembekezera singano. Aka sikabaya. Kamawalitsa kuwala kofiira ndi kwina kosaoneka ndi maso kudutsa m'chala, n'kuonetsa kuchuluka kwa okosijeni, kumene kwa munthu wabwinobwino kumakhala 95 mpaka 100. Nenani kuti koyeza mpweya wa m'magazi. Dziwaninso kuti mu 2020 ofufuza a ku University of Michigan adapeza kuti pa khungu lakuda kamatha kuonetsa nambala yokwera kuposa mmene zilili, choncho munthu amene akubanika asakhulupirire nambala yokha.

Lomaliza ndi la mphunzitsi wa ku Katoto: potchula nambala imene mawotchiwa amalimbikitsa munthu kuyenda pa tsiku, kodi tizinena kuti mapazi 10,000 kapena masitepe 10,000? Aphunzitsi, nenani masitepe. Mapazi akhoza kumveka ngati muyeso wa mmisiri wa matabwa, ndipo ngakhale masitepe amatanthauzanso makwerero, palibe amene angaganize kuti mwakwera makwerero ochuluka chotero. Nambalayo idatchuka ndi kampani ya ku Japan yotchedwa Yamasa, imene mu 1965 idatulutsa kowerengera masitepe n'kukapatsa dzina lonena za masitepe 10,000.

Ndibwerere kwa achimwene a ku Luwinga, poti pamwamba pa chikalata chanu ndaona mutu wakuti "Kafukufuku wa mayendedwe a amayi". Mukatero amuna awo adzabwera kudzafunsa zotsatira. Lembani kuti mukufufuza mtunda umene amayi amayenda pa tsiku ndi ntchito zimene amagwira.