Holide yafika, ana ndipite nawo kuti?

Funso: Zikomo akonzi, ndili ndi ana atatu kuno ku Ndirande, sukulu atsekera ndiye angokhalira TV ndi foni yanga tsiku lonse, ndalama ndilibe zambiri. Ndipite nawo kuti mu Blantyre muno?

Yankho: Mayi musadandaule, yambani ndi Museum ya ku Chichiri pafupi ndi Kamuzu Stadium, panja pali chisitima chakale choyendera malasha, ana amachizungulira kusuzumira mawilo mpaka kuiwala za foniyo. Ine ndimakondanso tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission, anamaliza kumanga 1891, muwaonetse njerwa zake momwe anazipetera, akafunsa mafunso mpaka mutopa nawo. Chakudya konzerani kunyumba, mbatata yophika, nthochi ndi Sobo m'botolo, zogula mtauni zimadula. Mukwere minibasi m'mawa dzuwa lisanawawe.