Chimbalangondo pakhomo: yankho kwa mayi wa ku Vermont

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala kumudzi ku Vermont, m'dziko la America. Amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo nyumba imene akuchita lendi ili m'mphepete mwa nkhalango. Akuti m'mawa wina anapeza bini itagubuduzidwa, zinyalala zili mbwee pabwalo. Usiku wotsatira anachiona ndi maso awo chimbalangondo chakuda chikununkhiza pakhonde. Ali ndi nkhuku zisanu ndi imodzi, komanso mwana amene amadikira basi ya sukulu kusanache bwino. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndisamuke, kapena ndipeze mfuti?"

Mayi, mantha anuwo ndawamva. Ife tinakula tikudziwa kuti chilombo chikazungulira khola usiku ndiye kuti ndi fisi, ndipo chabwera kudzagwira mbuzi. Koma musasamuke, ndipo za mfuti zisiyeni. Chimbalangondocho sichikusaka inu kapena mwana wanu. Chikulondola fungo la chakudya.

Kuyambira Seputembala mpaka Novembala, masamba akamafiira n'kumayoyoka, nyamayi imakhala ndi njala yosaneneka. Ikukonzekera kukagona m'phanga nyengo yonse yachisanu, miyezi inayi kapena isanu osadya, osamwa. Choncho imatha kudya maola 20 patsiku, kufunafuna makalori okwana 20,000, chakudya cha anthu akuluakulu pafupifupi khumi. Kwa yaikazi nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri: ikapanda kunenepa mokwanira, bere silikhazikika, ndipo mu Januwale siibereka. M'nkhalango za kwanuko zimadalira mtedza wa mitengo ya beech ndi oak, maapulo akutchire ndi tizipatso. Chaka chimene mitengoyi yabala pang'ono, zimatsikira kumakomo a anthu. Mphuno yake imaposa ya galu kutalitali, ndipo pamene chinapezapo chakudya sichiiwala.

Apa ndipo pamene chizolowezi chathu chimatipweteka. Ife timakonda kuphikira panja, kuotcha nyama pakhonde, kutaya makombo kudzala. Ine chaka changa choyamba kumidzi ya kuno ndinataya mitu ya nsomba ndi nsima yotsala m'bini ya panja Lachiwiri, galimoto yotola zinyalala ikubwera Lachisanu. Lachitatu m'mawa ndinapeza chivindikiro chitapindika ngati chitini cha sopo, ndipo m'matope munali phazi lokhala ngati la munthu, lalifupi ndi lotambalala, zala zisanu ndi timabowo ta zikhadabo kutsogolo. Chinabweranso mausiku anayi otsatizana ngakhale bini inali yopanda kanthu.

Ndiye yambani ndi bini. Isungeni m'galaja kapena m'chipinda chotseka, muziitulutsa m'mawa wa tsiku lotolera, osati usiku wake. Mafupa, mitu ya nsomba ndi zikopa za nkhuku muziziika m'pulasitiki mufiriji mpaka tsikulo. Ndikudziwa kuti ku Vermont kuyambira mu Julayi 2020 lamulo limaletsa kutaya zotsala za chakudya m'bini wamba, koma amene amapanga kompositi pakhomo amaloledwa kutaya nyama ndi mafupa ku zinyalala. Pa kompositipo muzithira masamba ouma ochuluka katatu kuposa zotsala za kukhitchini kuti pasatuluke fungo. Mbaula yootchera nyama muziitsuka mafuta onse. Ngati pali kachiwiya ka mbewu za mbalame kolendewera pamtengo, chotsani, ngakhale mwininyumba ndiye anakaika. Kadzabwerere mu Disembala chipale chikagwa. M'galimoto musasiye ngakhale bisiketi, ndipo muzikiya, chifukwa chimbalangondo chimatha kutsegula chitseko.

Nkhuku zanu ndizo zikundidetsa nkhawa. Waya wamba wa khola chimaung'amba ngati nsalu yakutha. Chimene chimagwira ntchito ndi mpanda wa magetsi, womwe umagulitsidwa m'masitolo a zaulimi ndipo ulipo woyendera dzuwa. Ubweya wa chimbalangondo ndi wochindikala moti sichimva kwenikweni chikakhudza ndi thupi, ndiye akatswiri a zanyama amalangiza kupaka chiponde pa kapepala ka foyilo n'kukakulunga pa waya. Chikanyambita kapena kugunda ndi mphuno, chimaphunzira tsiku lomwelo. Chakudya cha nkhuku chisagone kukhola.

Mukakumana nacho maso ndi maso, musathawe. Chimathamanga makilomita 50 pa ola ndipo chimakwera mtengo kuposa mnyamata aliyense. Imani, lankhulani mokweza kuti chidziwe kuti ndinu munthu, n'kumabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, mukuchisiyira njira yothawira. Chikamapemerera, kugunditsa mano kapena kumenya pansi ndi dzanja, chikuchita mantha ndipo chikufuna mutalikire. Mukakhala m'nyumba, menyani mapoto ndi kukuwa kuti chisazolowere pabwalo panu. Kuvulaza munthu sikuchitikachitika, koma zitachitika, chakudachi mumalimbana nacho ndi chilichonse chili m'manja. Zodzigonetsa ngati wakufa ndi za mtundu wina wotchedwa grizzly, umene kwanuko kulibe.

Mwanayo muzimuperekeza pa basi masabata amenewa, muli ndi tochi, mukucheza mokweza. Chakudya chake cha kusukulu chisatsale pakhonde. Galu ngati muli naye azikhala pa chingwe, chifukwa ngozi zambiri zimayamba galu akachithamangitsa kenako n'kuthawira kwa mbuye wake.

Chinthu chimene chimandiwawa mtima n'chakuti chimbalangondo chikazolowera chakudya cha anthu, chimasiya mantha, chimayamba kuthyola zitseko, ndipo mapeto ake chimawomberedwa, nthawi zina kusiya ana osakhwima. N'chifukwa chake kuzidyetsa dala n'kosaloledwa ku Vermont. Lankhulani ndi anansi anu, pakuti bini imodzi yotseguka imaitanira chimbalangondo mumsewu wonse. Kanenenso ku Vermont Fish and Wildlife Department, nthambi ya boma yoona za nsomba ndi nyama zakutchire. Pa webusaiti yawo pali fomu yolembapo nkhani zotere, ndipo chikayesa kulowa m'nyumba muimbire woyang'anira nyama wa dera lanu tsiku lomwelo.

Mukachotsa fungo, chizibwerabe masiku angapo kudzaona, kenako chidzaleka. Pofika kumayambiriro kwa Disembala zambiri zimakhala zitalowa m'mapanga. Koma mpanda wa magetsiwo musauchotse, zidzatuluka mu Malichi kapena Epulo zili ndi njala. Mundilembere mundiuze mmene nkhuku zagonera.